Simbi Yopanda Lisiti

Pamdadada wa nyumba za lendi pomwe ankakhala, palibe ankadziwa ntchito yeniyeni ya Alembi. Dzina limeneli linawakanirira chifukwa cha zaka makumi awiri ndi ziwiri zimene anatha akutaipa makalata mu ofesi ya kampani ina ya mathiraki, mpaka pamene makompyuta anabwera ndi atsikana a zala zothamanga, iwo n'kupatsidwa kalata yowathokoza imene anachita kutaipa okha. Anthu ankangowaona m'mawa akutuluka atatchena, chikwama chabulauni kukhwapa, masana n'kubwera atanyamula majumbo a m'masitolo akuluakulu. Mayi wa khomo loyandikana, amene maso ake sankadutsidwa ndi kanthu, anagamula yekha kuti pali mwamuna wina amene akusamala mayi wamasiyeyu. Alembi atamva anaseka mpaka kutsamwa, koma sanatsutse. Miseche imeneyo inkawabisa bwino kuposa mmene akanadzibisira okha.

Zoona zake zinali zakuti ankalipidwa kuti azigula zinthu. Kampani ina yaing'ono, ya zipinda ziwiri pamwamba pa malo okonzera mafoni, inkatumidwa ndi eni masitolo kuti iziwauza mmene antchito awo amalandirira anthu bwana akatembenuka. Ndiye kampaniyo inkatuma anthu ngati Alembi, a nkhope zoti ukaziona lero mawa waiwala. Ntchitoyo ankaitcha ya kasitomala wachinsinsi. Umalowa ngati wogula wamba, kufunsa zimene wauzidwa kuti ukafunse, kugula chimene wauzidwa kuti ukagule, kenako kunyumba n'kudzaza fomu ya mafunso makumi anayi. Kodi anakupatsani moni isanathe mphindi imodzi? Kodi anavala baji ya dzina lake? Kodi pansi panali pokolopa? Funso lililonse linali ndi timabokosi tiwiri, ka inde ndi ka ayi, ndipo kumunsi kwenikweni kunali mizere itatu ya ndemanga imene eni masitolo sankavutika n'kuiwerenga.

Ntchitoyi imaoneka yophweka kwa amene sanaigwirepo. Kugula aliyense amatha. Chovuta ndi kukumbukira. Mafunso makumi anayi sakhazikika m'mutu mwa munthu wa zaka makumi asanu ndi mphambu zisanu ndi zitatu, makamaka ngati tsiku lomwelo walowa masitolo atatu ofanana ngati mapasa. Ndiye umayenera kulemba, koma lamulo loyamba n'lakuti usaoneke ukulemba. Ogulitsa m'masitolo si ana. Akangokununkhiza kamodzi amatumizirana uthenga, ndipo pofika mawa nthambi iliyonse imakulandira mano onse ali pamtunda ngati ndiwe mlamu wa bwana. Zikatero ntchito yako yathera pomwepo. Aliyense anali ndi kanjira kake. Mnzawo wina ankathamangira kuchimbudzi kukalemba, mpaka mlonda anayamba kumusecha poganiza kuti akubisa katundu m'zovala. Wina ankalemba pachikhatho, thukuta n'kumufufutira zonse asanafike pasiteji. Alembi poyamba ankalemba pakapepala ka zogula, koma tsiku lina manijala wina anasuzumira n'kuwerenga, pansi pa sopo ndi machesi, mawu akuti "moni ayi." Alembi anatuluka m'sitolomo msangamsanga.

Njira yabwino anaipeza m'kabati ya kuchipinda. Amuna awo, amene anali dalaivala pa kampani ya mathiraki ija, anadwala impso chaka ndi theka asanamwalire, ndipo anasiya kabuku ka kuchipatala kachikuto chotuwa, masamba akumapeto asanalembedwe. Alembi anali ataona kalekale, pamabenchi a kuchipatala, kuti kabuku kotere anthu amakaopa. Munthu akakatsegula, woyandikana naye amayang'ana kumbali. Ngakhale mlonda wamwano amabwerera chambuyo. Ndiye ankaima pakati pa mashelefu, kukatsegula, kuyang'ana wotchi, kukwinya nkhope pang'ono, n'kulemba ndi kapensulo. Kadontho kankatanthauza inde, kamzere ayi, nthawi ankailemba mmene ilili, ndipo wogulitsa wosaoneka dzina ankamulemba ndi chizindikiro: wadazi, wachipsera pachibwano, wansapato zofiira. Masamba atatha anasokereramo ena a m'kope la sukulu, chikuto n'kusiya chomwecho, dzina la malemu lili pamwamba. Ankadziuza kuti bamboyo akudyetsabe banja lake, ndipo maganizo amenewo ankawasangalatsa.

Bwana wawo ku ofesi, amene onse ankamutcha Achangu chifukwa foni iliyonse ankaitsiriza ndi mawu akuti "mwachangu, mayi," ankawatama pamaso pa anzawo kuti chipezereni njira imeneyi, zaka zitatu zathunthu, sanagwidwepo. Tisabise, matamandowo ankawalowa m'mutu. Mwana wawo wamkazi, mphunzitsi wa pulayimale amene anatengera pakamwa pa bambo ake, ndi yekhayo ankadziwa za ntchitoyi, ndipo sankaikonda. Ankati ndi yaukazitape, yotchera misampha amphawi anzako. Alembi ankamuyankha kuti iwo amangolemba zimene aona. Pa zaka zonse zija anataipa makalata osawerengeka ochotsa anthu ntchito, ndipo palibe anabwerapo kudzatukwana makina otaipira. Mwanayo ankangopukusa mutu n'kupitiriza kuchonga makope a ana ake a sukulu.

Lachinayi lina m'nyengo yotentha Achangu anawapatsa simbi yamagetsi ili m'katoni mwake. Inali itagulidwa Lolemba ndi mnzawo wina pa sitolo yaikulu ya mafiriji, mawailesi ndi zophikira. Ntchito ya Alembi inali yoti akaibweze, akanene kuti sikutentha, ndipo akafunsidwa lisiti akanene kuti lataika. Basi, osawonjezera kanthu. Papepala la malangizo anachita kulemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti wotumidwa asapeke nkhani yakeyake. Eni sitolo ankafuna kudziwa ngati antchito awo amasunga lamulo lakuti katundu wopanda lisiti sasinthidwa. Wogulitsa ankayenera kukana mwaulemu n'kuitana manijala. Wosintha katunduyo ntchito inkamuthera, pakuti lamulolo aliyense anasainira tsiku lolowa.

Analowa cha m'ma teni koloko. Mlonda anapereka moni, ndiye kadontho kameneko. Mafani awiri a kudenga sankazungulira, ndipo mtengo wa ketulo pashelefu unasiyana ndi wa pakatoni. Anakaima kuseri kwa mafiriji, kumene kamera sifika, n'kutsegula kabuku. Ali mkati molemba, mawu anamveka paphewa pawo penipeni.

"Amayi, simukupeza bwino? Ndikutengereni mpando?"

Anali mayi wa zaka za m'ma fote, wamfupi, yunifolomu yochapidwa mpaka kutuwa, baji itatembenuka, ndolo kukhutu limodzi lokha. Maso ake anali pa tsamba lotsegulalo, pa timadontho, timizere ndi manambala a nthawi. Zaka zitatu za mbiri yabwino zinali pafupi kuthera kuseri kwa firiji, ndipo pakamwa panayankha mutu usanaganize. Alembi anati kabukuko ndi ka amuna awo, akudwala impso, ndipo iwo amalembamo nthawi ya mankhwala ndi makapu a madzi amene amwa, chifukwa adokotala anati asamapyole muyeso.

Akanalekera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma nkhaniyo sinali yopeka yonse, ndiye inayamba kutuluka yokha. Anafotokoza za mapazi otupa osalowa m'nsapato, za munthu wamkulu wolira ludzu ngati mwana pomwe ndowa yodzaza ili pakhomo, za mmene bamboyo amakanira kupita kuchipatala ndi malaya osasita ngakhale kuti kuima payekha sangathe. Zonsezo zinachitikadi, kungoti Alembi ankazinena ngati za dzulo pomwe mwini wake anali m'manda chaka chachinayi. Misozi nayo inabwera yeniyeni, yosaitanidwa. Mayi wa ndolo imodzi uja anabweretsa mpando wa pulasitiki ndi madzi m'kapu yake yomwe, n'kunena motsitsa kuti mayi ake anapita ndi matenda omwewo, ndipo amadziwa mmene wodwazika amatopera popanda womufunsa.

Apa ndi pamene Alembi amabwerera m'maganizo mpaka lero. Akanatha kumwa madziwo, kuthokoza, kunyamula katoni yawo n'kutuluka, kukauza Achangu kuti ulendo wa lero walephereka, atume wina. Zimachitika, ndipo palibe anamangidwapo nazo. Koma anaganiza za nkhope ya Achangu, ndi za anzawo amene akanamva kuti mayi wosagwidwa uja wabwerako chimanjamanja. Anapukuta m'maso, natulutsa simbi m'jumbo, nanena mawu a papepala aja, akuti sikutentha.

"Lisiti muli nalo, amayi?"

"Lataika, mwana wanga. M'nyumba ya matenda zinthu sizikhala pamalo."

Mawu omalizawo papepala la malangizo panalibe. Mayiyo anayang'ana ku kaofesi ka magalasi kumene manijala anali pafoni atafulatira. Anayang'ananso kabuku kamene kanali pamiyendo pa Alembi. Kenako anatenga katoniyo, analowa nayo kuseri, n'kutuluka ndi ina yomata bwinobwino.

"Lamulo silola, amayi, musakauze munthu. Koma bambo asapite kuchipatala ndi malaya amakwinya."

Alembi anati asavutike, koma ananena motsitsa, manja atatambasula kale. Mayiyo anawaperekeza mpaka pakhomo kuti mlonda asawafunse kanthu, n'kuwauza kuti akapereke moni kwa odwalawo.

Masana amenewo fomu inakhala patebulo mpaka tiyi anazizira kawiri. Mafunso ena onse okhudza mayiyo anali a timadontho: moni, ulemu, kudziwa katundu, kuperekeza kasitomala. Limodzi lokha ndi limene linkawayang'ana: kodi wogulitsa anasintha katundu popanda lisiti? Kuchonga ayi sikukanatheka, chifukwa simbi yatsopanoyo inkayenera kukaperekedwa ku ofesi, ndipo nambala ya pakatoni inali ina. Koma njira inalipo, ndipo Alembi ankaidziwa bwino lomwe. Akanangouza Achangu kuti iwo anaphwanya malangizo, anapeka za mwamuna wodwala n'kulira pamaso pa wogulitsa, lipoti lonse likanatayidwa, chifukwa mayeso otere sawerengedwa. Kungoti likanatayidwa pamodzi ndi iwo. Ndani akanalemba ntchito mayi wa zaka zimenezo, wodziwa kutaipa kokha? Anachonga inde. M'mizere itatu ya ndemanga analemba ndi dzanja lawo lokongola kuti wogulitsa wa ndolo imodzi ndi waulemu ndi wachifundo kuposa onse amene anakumanapo nawo, ndipo anadzinamiza kuti mawu amenewo amuteteza.

Achangu anasangalala. Anati izi ndiye zimene eni masitolo amafuna, osati malipoti oyamikira okhaokha. Alembi atafunsa, ngati mocheza, kuti mayiyo amutani, iye anayankha maso ali pafoni kuti zimenezo si za ofesi ino. Lamulo linkaletsa kubwerera pa sitolo imodzi isanathe miyezi isanu ndi umodzi, choncho ankangodutsa tsidya lina la msewu n'kumasuzumira pagalasi. Sabata yoyamba anamuona akupukuta mafiriji, mtima unakhala pansi. Sabata yachitatu pamalopo panali mtsikana wamtali wachilendo. Anapirira masiku awiri, kenako anawoloka msewu n'kufunsa mlonda za mayi wamfupi amene anawathandiza bwino tsiku lina. Mlondayo anati anamuchotsa, munthu wagwira zaka khumi ndi chimodzi, ana atatu ali pasukulu. Anagwidwa ndi anthu aja amabwera ngati makasitomala. Mlondayo analavula pansi n'kunena kuti anthu amenewo Mulungu akuwaona. Alembi anavomereza kuti akuwaonadi.

Wina angaganize kuti anasiya ntchito tsiku lomwelo. Sanasiye, pakuti munthu amadya tsiku lililonse. Kabuku anakabwezera m'kabati, n'kuphunzira kulemba pafoni ngati akutumiza uthenga, zala zikuphonya zilembo. Malipoti awo anayamba kufewa. Wogulitsa akachedwa kupereka moni ankamuzungulira dala mpaka apereke, ndipo Achangu anayamba kudandaula kuti mayi mwakalamba, maso afooka. Mwana wawo sanamuuze. Ankadziwa kuti sangawanyoze, angopukusa mutu basi, ndipo kupukusa mutu kumeneko ndi kumene ankakuopa. Chimene anachita ndi kukonza mawu oti adzanene akadzakumana ndi mayi uja. M'basi, pochapa, posesa pakhomo, ankawabwereza: ndine ndinakugwetsani, amuna anga anali atamwalira kale, mpata wokupulumutsani ndinali nawo koma ndinadzisankha ndekha. Anawasalaza mpaka anakhala ngati kalata yotaipa bwino, yongosowa adiresi.

Patatha chaka ndi miyezi ingapo, tsiku lina masana akutsika basi padepoti yaikulu, anamva wina akuitana "amayi, amayi" kuchokera m'munsi mwa khoma kumene ogulitsa amayala malonda pansi. Anali mayi wa ndolo imodzi uja, atachepa thupi, atada ndi dzuwa, atakhala pa chidebe chovundikira. Patsogolo pake, pa saka yoyala, panali masokosi, mabatire, malezala ndi mipango. Pa anthu onse amene Alembi anawayesa m'masitolo, uyu yekha ndiye anasunga nkhope yawo. Anadzuka, anapukuta manja pasiketi, nawagwira dzanja ndi manja awiri.

"Ndakhala ndikukuganizirani, amayi. Bambo aja ali bwanji?"

Mawu okonzakonza aja anali pomwepo, palilime. Alembi anatsegula pakamwa.

"Anatisiya, mwana wanga."

Silinali bodza, ndipo n'chifukwa chake linawanyansa kwambiri. Mayiyo anasiya malonda ake opanda woyang'anira, anawakumbatira pakati pa chigulu cha anthu ndi utsi wa mabasi, nalira. Analira mayi ake, analira bambo amene sanawaonepo, mwina analiranso zake zomwe. Kenako anawakhazika pachidebe chija, iye n'kunyonyomala pambali.

Za ntchito anafotokoza yekha osafunsidwa. Anati manijala anangomuitana n'kumuonetsa pepala limene anasainira polowa, osamuuza kuti nkhani yake ndi ya katundu uti, pakuti mwezi umenewo anali atathandizapo anthu atatu mwanjira yomweyo. Koma womupereka ankamudziwa. Anali bambo wina wa suti amene anabweza wailesi, wa maso oyendayenda, wa mafunso ambirimbiri. Anati akadzakumana naye sadzamutukwana, adzangomufunsa ngati ali ndi ana. Mwana woyamba wa mayiyo anali atalekezera sekondale panjira. Zonsezi ankanena mopanda mkwiyo, uku akuingitsa ntchentche pamipango.

"Koma za inu sindidandaula, amayi. Zikandivuta ndimati chabwino, ntchito inapita, koma bambo aja anapita kuchipatala atavala malaya osita. Chimenecho chokha chimandilimbitsa mtima."

Alembi anaona pomwepo pothawira, ndipo anathawira pomwepo. Anadziuza kuti kuulula tsopano n'kumulanda mayiyu kanthu kamodzi kamene kamutsalira, kuti kukhala chete ndiye chifundo. Ankadziwa, ali pachidebepo, kuti limeneli ndi bodza linanso. Chimene ankateteza chinali maso aja, amene ankawayang'ana ngati munthu wabwino, ndipo analibe mphamvu zowaona akusintha. Basi ya kwawo itayamba kuitanira, mayiyo anasankha mpango wakuda pasakapo, anaukung'untha fumbi, anaupinda n'kuwaika m'manja, akuti maliro sanawamve, alandireko kameneko. Alembi anakana kamodzi. Kachiwiri analandira, nathokoza.

Malondawo akadali pomwepo, m'munsi mwa khoma la depoti. Alembi amawaonera patali, pampata wa pakati pa mabasi. Iwo masiku ano amatsikira siteji ya kumsika n'kuyenda wapansi mtunda wonsewo ndi mawondo awo owawa, kuzungulira kuseri. Mawu aja akadali nawo onse, sanaiwale ngakhale limodzi. M'mawa uliwonse amanyamuka kunyumba atatsimikiza kuti lero akanena, basi n'kufika pasiteji ya kumsika, iwo n'kuuza kondakitala kuti atsika.